Umetironi Wanga wa Maola Atatu

Nkhaniyi anzanga a kuntchito saidziwa, ndipo amene amaidziwa kwathu ku Namitambo ndinawapempha kuti aziiyamba ine nditachokapo. Koma yandikhala pakhosi zaka zambiri, bola ndiilavule ndekha. Ine amene mukundionayu ndinakhalapo metironi, mkulu wa anamwino, ndisanagwireko ngakhale jakisoni, ndipo mtengo wa udindowo sindinalipire ndine.

Mayeso a Fomu 4 ndinalemba kawiri. Ulendo woyamba sayansi inandigwetsa chagada, wachiwiri ndinaigwira pakhosi. Komabe mapointi anga sanali oti n'kukatengera digiri ya unamwino ku yunivesite (kumeneko kumapita ana owerengera magetsi, osati ife a koloboyi). Njira yanga inali ya dipuloma, zaka zitatu pa sukulu ina ya anamwino ya mishoni. Tsono pa sukulu zimenezi pali makomo awiri. Lina ndi la olipiriridwa: boma ndi mabungwe amakulipirira fizi, iwe n'kusainira kuti ukamaliza udzagwira ntchito kumudzi kulikonse kumene adzakuponye. Linalo ndi la odzilipirira okha, ndipo fizi yake poimva umayamba wakhala pansi.

Ababa anandiuza mosapsatira mawu. "Iwe, ulimbikire ulowe pa khomo la ulerelo. Linalo ndilibe nalo mphamvu. Choti ndingagulitse pakhomo pano ndi dimba basi."

Dimba limenelo linali kumtsinje, la tomato, mpiru ndi chimanga chachiwisi. Ndilo linkatiolotsa miyezi ya njala anzathu akamagona ndi madeya. Kuligulitsa kunali ngati kugulitsa mwendo.

Mayeso olowera ndinakhoza, ndipo kalata yondiitana ku intavyu inafika ababa atangogulitsa nandolo. Apa ndi pamene panayambira tsoka. Kwathu ndalama ya nandolo siigonekedwa m'nyumba. Ikangofika umaisandutsa chinthu, kaya lata, kaya thumba la feteleza, chifukwa ukaisunga imapita ndi maliro, matenda ndi achibale a ku Limbe. Tinali titamva kuti ngakhale olipiriridwa amagula okha yunifolomu, nsapato ndi kawotchi ka pachifuwa kaja.

"Tisokeretu," anatero ababa. "Pofika Januwale ndalamayi idzakhala nthano."

Tinapita kwa a Makwinja, telala wa pa khonde la sitolo pa Namitambo. Ndinawafunsa ngati akudziwa kasokedwe kake.

"Mwanawe, anamwino onse a pachipatalapa amadutsa pamaso pangapa tsiku ndi tsiku. Ukundifunsa ine?"

Anasokadi, ndipo inandikhala ngati ndinabadwa nayo. Anaikaponso timalamba ta pamapewa potengera chithunzi cha pa kalendala yawo, n'kusokererapo timizere. "Iwiriyi ndi ya pa chithunzi," anatero, "wachitatuwu ndi banyira." Tinathokoza ndi manja awiri. Palibe mmodzi wa ife amene ankadziwa kuti timizereto ndi maudindo, ngati kupolisi.

Tsopano pano ndisanamizire munthu. Ababa sanandiuze kuti ndivale yunifolomu ku intavyu, a Makwinja sanandiuze. Ndinali nayo diresi yanga yabuluu ya kwaya, yochapa, yosita. Koma m'mawa wa tsikulo, ababa atalawirira ku dimba, amayi ali ku mjigo, ndinati ndingoiyesa pagalasi. Nditadziona, abale inu, mtima unakana kuivula. Ndinadziuza kuti ndingoyendera panjira pokha, ndikasintha ndikafika. Diresi ndinaipinda n'kuiika m'jumbo.

Minibasi itaima, kondakitala anachita kudumpha. "A nesi kutsogolo! Akulu, tatsikani mukhale kumbuyo, apa pakhale a nesi." Bambo wamkulu ndithu anatsika osadandaula. Ine amene moyo wanga wonse ndinkakhalira matumba a makala ndinakhala pambali pa dalaivala, mphepo ikundiomba. Mayi wina anandipatsira mwana wake kuti ndione zotupa za pakhosi. Ndinamuyang'ana mwana uja, ndinayang'ana kawotchi kanga, n'kunena kuti, "Muzim'mwetsa madzi ambiri, ndipo mupite naye ku chipatala." (Mpaka lero ndimathokoza Mulungu kuti sindinawonjezerepo china.) Potsika ndinabayibitsa minibasi yonse ngati phungu. Itazimiririka pakona m'pamene ndinakumbukira kuti jumbo ya diresi ija ikupita ku Limbe.

Pageti la chipatala cha mishoni mlonda anaimirira n'kuvula chipewa. Kuseri, kumene kuli sukulu ya anamwino, ndinapeza mabenchi atadzaza atsikana ndi anyamata odikira intavyu, makolo awo atakhala pa kapinga. Nditangotulukira, phokoso lonse linati zii. Kenako onse anaimirira.

"Mwadzuka bwanji, madamu!"

Munthu wanzeru pamenepa akanaseka n'kunena kuti, "Iyayi anzanga, nanenso ndabwerera zomwezo." Mawu asanu okha. Ine ndinakweza dzanja n'kunena kuti, "Khalani pansi, ana inu." (Ana inu! Ena mwa iwo anali oti andibereka kumbuyo.)

Nditatero, pabenchi sindikanakhalanso. Ndinakaima pafupi ndi bolodi la zidziwitso, manja kumbuyo, ndikumayang'ana kawotchi ngati pali amene akundichedwetsa. Miyendo inkawawa, koma kunena zoona kunkakoma.

Ndili chiimire choncho, anandiyandikira bambo wina wachikulire, jekete yong'ambika pachigongono, thumba m'manja. Pambuyo pake pankabwera mtsikana wowonda, maso pansi. Bamboyo ananyonyomala.

"Mayi, pepani ndakusokonezani. Tachokera ku Mbulumbuzi. Uyu ndi mwana wanga Esinati. Aka n'kachitatu kuyesa. Akapanda kulowa pa olipiriridwa, basi, ndilibenso pogwira."

Anapisa m'thumba n'kutulutsa nkhuku yathadzi, yonenepa, yomanga miyendo.

"Si chiphuphu ayi, mayi. Ndi moni chabe."

Tamverani, kwathu munthu wamkulu akakupatsa chinthu ndi manja awiri sukana, n'chipongwe. Chifukwa chimenechi ndi chimene ndakhala ndikuuza anthu. Chifukwa chenicheni n'chakuti ndikanakana ndikanayenera kufotokoza, ndipo mabenchi onse aja ankationerera. Ndinalandira nkhuku ija. Kenako pakamwa panga, popanda kundifunsa, panatulutsa mawu amene ndimadana nawo mpaka lero.

"Tiona."

Bambo uja anaomba m'manja mpaka misozi. Nkhuku ndinakaibisa m'maluwa, pansi pa windo.

Posakhalitsa kalaliki anatuluka n'kuitana dzina langa. Anaitana kachiwiri. Ine ndinkathandiza nawo kuyang'ana uku ndi uku kuti wochedwayo ndi ndani. Ataitana kachitatu ndinayenda pang'onopang'ono ngati ndikukaona mmene ntchito ikuyendera, n'kulowa.

M'katimo munali anthu atatu: asisteri achikulire a mishoni amene anali mkulu wa sukuluyo, bambo wa tayi wochokera kwa olipira fizi, ndi metironi weniweni, wa imvi zake. Metironiyo anayang'ana mapewa anga, anayang'ana ake, n'kuyang'ananso anga. Anga anali ndi mzere umodzi woposa ake.

"Mwachokera chipatala chiti, anzathu?"

"Ndachokera kunyumba."

"Nanga za pamapewazo anakuvekani ndani?"

"A Makwinja."

"A Makwinja ndi a ku bungwe la anamwino?"

"Ndi atelala."

Bambo wa tayi anabisa nkhope m'kampango, mapewa akugwedezeka. Metironi sanaseke.

"Mwana iwe, ine kuti ndivale izi ndinayamba ndi dipuloma, zaka zitatu. Ndinakagwira ntchito kumudzi kopanda madzi. Ndinabwereranso ku sukulu kukatenga digiri ndili ndi ana kale, ndikudzilipirira ndekha. Imvi izi ndazipezera m'njira imeneyo. Iwe zakutengera nthawi yaitali bwanji?"

"Masiku anayi. Makina anavutako pang'ono."

Apa ngakhale asisteri anaseka. Ndinafotokoza za ndalama ya nandolo ndi za jumbo yopita ku Limbe, iwo akupukusa mutu, ndipo anati tiyeni tipitirize. Anandifunsa chifukwa chimene ndikufunira unamwino, za kusamba m'manja, za chimene ndingachite mwana akatentha thupi. Ndinayankha bwino, sindikudzitama. Ndinaona bambo wa tayi akulemba chinachake akugwedeza mutu, ndipo mumtima ndinati dimba lapulumuka. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pa windo panatulukira chipewa. Bambo wa ku Mbulumbuzi uja anabwera kudzasuzumira kuti aone mmene metironi wake akumuyankhulira Esinati. Anandipeza pa kampando ka ofunsidwa, mawondo pamodzi, manja pamiyendo.

"Aaa! Kodi nanunso mukufunsidwa?"



"Nkhuku yanga! Mayo ine, nkhuku yanga!"

Zimene zinatsatira sindizifunira ngakhale mdani wanga. Bamboyo analowa ndi mlonda, mlonda atanyamula nkhuku ngati umboni, nkhuku ikulira, mabenchi onse ali pamawindo. Asisteri anatuma kalaliki kukamatula pepala lina pa bolodi lija n'kundipatsa kuti ndiwerenge mokweza. Linali chenjezo kwa makolo kuti asamale ndi anthu onamizira kuti ndi ogwira ntchito pachipatala, amene amalandira zinthu polonjeza malo a sukulu. Ndinali nditaima pambali pa pepala limenelo m'mawa wonse, ngati chithunzi chake.

Mlonda, yemwe uja anandivulira chipewa, ndiye anayambitsa zoti aimbire apolisi ku Boma. Ndinagwada pa simenti ndi yunifolomu yanga yoyera, ndikulira ngati mwana, mamina ali chuchuchu. Ndinapepesa bambo aja, ndinapepesa Esinati, ndikuganiza kuti ndinapepesanso nkhuku.

Asisteri anadikira mpaka nditatonthola.

"Mwana wanga, ndikukhulupirira kuti si iwe wakuba. Ndiwe wopusa chabe, ndipo kupusa kumachizika. Apolisi sitiitana. Chaka chamawa ukafuna udzayesenso. Koma bambo awa anakugwadira chifukwa cha mwana wawo, iwe n'kuwauza kuti tiona. Ndalama za anthu ena sitingaziike pa iwe."

Bambo wa tayi anatseka fayilo yanga. Sankasekanso.

Panja, Esinati anamasula chitenje chake n'kundifunditsa pamapewa kuti ndiyende bwino pamsewu. Zimenezo zinandiwawa kuposa akanandituka. (Malo a olipiriridwa anawapeza chaka chomwecho, nkhuku ili kwawo ikuikira mazira.)

Ababa ndinawapeza ku dimba akuthirira. Ndinawafotokozera zonse nditaima patali pang'ono, poti khasu linali pafupi. Anamvetsera osandidula, keni ili m'manja, madzi akudontha. Nditamaliza anayang'ana mizere ya tomato nthawi yaitali.

"Ndiye nkhukuyo mwini wake anatenga?"

"Anatenga."

"Basi, taluza zonse."

Anapitiriza kuthirira. Ndinkafuna andikalipire, andithamangitse ndi khasu lija, koma ayi ndithu.

Chaka chotsatira ndinapitanso, nditavala diresi yobwereka, ndipo ndinakhala pabenchi kumapeto kwenikweni. Ananditenga, pa khomo la odzilipirira. Dimba anagula mwini sitolo wina wa pa Namitambo, ndipo linandifikitsa chaka chachiwiri. Chotsalacho ababa anamaliza ndi nandolo, mbuzi ndi ganyu.

Lero ndine namwino, wa dipuloma yanga, ndipo digiri ndikuionera patali. Mungaganize kuti ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira ndithu, koma wodwala akalakwitsa n'kunditchula kuti a metironi, pamapita kanthawi ndisanamukonze.

Ababa akadali m'dimba lomwelo. Mwini watsopano anawalemba ganyu yothirira, poti palibe wina amene amalidziwa ngati iwo. Ndawaletsa, ndimawatumizira kangachepe mwezi ukatha, koma samva. Mwezi watha ndinapita kukawaona, ndipo pobwerera anandiperekeza mpaka pa siteji atanyamula jumbo ya tomato, wamkuluwamkulu, wosankha. Ndinawanong'oneza kuti eni ake akadziwa adzawachotsa ntchito.

"Usade nkhawa, namwino wanga," anatero akundipatsira pa windo la minibasi. "Ndagula."