Njinga ya a Mtambalika

M'mudzi wina, womwe dzina lake tilisunga poopa milandu, munali apolisi odziwa malire a ntchito yawo kuposa ntchito yeniyeniyo. Anagawikana pawiri, Nthambi ya Zinthu Zoima ndi Nthambi ya Zinthu Zoyenda, ndipo wina sankaponda m'munda mwa mnzake ngakhale kutabuka moto.

A Zakeyu Mtambalika, bambo wa kabaza, anaberedwa njinga akutaya madzi kuseri kwa chigayo. Njingayo ndiyo inali khasu lawo, ana awo ankadya za m'mapedalo. Anathamangira kupolisi.

"Pobedwapo inali chiimire?" anafunsa Mkulu Woyang'anira Zoima, a Insipekitala Kadzuwa, uku akusenda chinangwa.

"Inatsamira khoma, bwana."

"Nanga panopa?"

"Wakubayo wakwera, wapita nayo."

"Ndiye kuti ikuyenda. Pepani bambo, khomo linalo."

Kukhomo linalo anapeza a Sajeni Nachuma, Mlangizi Wamkulu wa Zoyenda. Mayiwa anamvetsera mwachifundo ndithu, mpaka kupukusa mutu. "Koma bambo, umbavawo unachitika njinga itaima. Ife tikalowererapo, anzathu adzati tawalanda ntchito."

A Mtambalika anazungulira makomo awiriwo mpaka patapata kuduka, kunyumba ana atayamba kugonera mango. Zinawawawa zedi. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho anayamba kusaka okha. Anaipeza kumsika wa makala, mnyamata wina wamanyama, Daisoni, akumangirirapo matumba. Anamugwetsa, kumunjata ndi malegeni, n'kupita naye kupolisi pamodzi ndi njinga, akuyenda monyada ngati tambala.

Tsiku limenelo nthambi ziwirizo zinakhala pabenchi imodzi, zomwe ngakhale pamaliro zinali zisanachitikepo.

"Mwamugwira ndinu?" anafunsa a Kadzuwa. "Yunifolomu yanu ili kuti?"

"Ndilibe, bwana. Ndangothandizako."

"Mwaimitsa munthu amene amayenda," anatero a Nachuma.

"N'kumuyendetsa ataima," anawonjezera a Kadzuwa. "Mwalanda ntchito nthambi zonse ziwiri. Boma likatifunsa timadyeranji, tidzati chiyani?"

Anagwirizana kuti mlandu waukulu chonchi ngwa kuboma. Vuto linali mayendedwe, chifukwa galimoto ya polisi inali itakhala pa njerwa kuyambira kalekale, nkhuku zikuikiramo. Apa a Nachuma anakumbukira kuti pali munthu wa mphamvu zake amene wazolowera kale njingayo.

Anamasula Daisoni, malegeni omwewo n'kumangira a Mtambalika pakaliyala. Bambowo misozi inalengeza, poona chishalo chawo chitakhalidwa ndi mbala uku apolisi akukankha njingayo kuti inyamuke bwino.

"Iwe Daisoni!" anakuwa a Kadzuwa njinga itayamba kutsetsereka. "Ukawatula kumeneko, njingayo ukasunge kwanu. Ndi umboni umenewo, usamale ingabedwe!"