Dzanja Limene Linatopetsa Kompyuta

Ndani akuseka uko? Asekeletu, koma akafunse Petauke yense mpaka ku Nyimba za ine Yelemiya Mwanza, kalaliki wa pa boma, amene ndinkamenya taipi mwamphamvu moti zilembo zinkaboola pepala, n'kuboola kaboni, n'kuboola tebulo, n'kukalembeka pa simenti, ndipo wosesa ankayamba wawelenga zinsinsi za ofesi asanakolope.

Zipani zitachuluka, anayamba kudula anthu ntchito. Anatibweletsela makompyuta, ati amene alephele makinawa akalime thonje ku Msanzala. Ine khasu ndinali nditalitaya kalekale, ana ali kusukulu, ndiye mantha anandigwila, sindibisa. Ndinaigwila kompyuta ija monga taipi: mzele ukatha, dzanja linkapita lokha kukakankha chitsulo chobwezela pepala, koma pakuti chitsulocho panalibe, mbama inkagwela pagalasi la kompyuta, ndipo tsiku lina galasilo linatulukila pawindo, linadutsa pamwamba pa msika, n'kukatela pa basi ya ku Chipata likumalizabe kalata yanga. Mukumva?

Anzanga manja anayamba kutupa, makosi kuuma, ndiye ku Lusaka anatumiza a Mulenga, mayi wa Chibemba, kudzatiphunzitsa kukhala pampando. Ati msana uwongoke, zigongono zitsike, tizipumitsa zala. Kenaka analoza ine.

"Bambo Mwanza, mbewa ya kompyuta iyi muziigwila mofewa. Dzanja limenelo lidzakukanani."

Ndinaseka mpaka malata anatukuka. Mubemba wodya anyani kuphunzitsa Mnsenga kagwilidwe ka mbewa! Ndinaitsina pakhosi monga timachitila kumunda tikakumba, ndipo inalila, ndithu inalila, n'kuthawa ikukoka mchila wake wa waya, ine pambuyo, dzanja limodzi likuthamangitsa mbewa, linalo likulembabe, makiyi atatentha moti amayi a pamsika anabwela kudzakazingilapo nshawa, mpaka kompyuta inalemba yokha kuti yatopa, ndiikhululukile. Mukumva? Bwana ataona zimenezo anati Mwanza sachoka, ndipo ana anga anamaliza sukulu thonje osalidziwa.

Za kuwawa kwa dzanja ndi nkhani za anthu ofooka. Langali silinandipwetekepo, ndalumbila. Nsalu ndamanga pamkonoyi ndi fasho chabe.

Iwe Tembo, m'malo moseka, tanditsegulila botololi. Undigwililenso kapu pakamwa apa. Zala zanga zikupumula, monga anatiphunzitsila a Mulenga.