Kiyi Wodinda pa Sopo

Mcdonald chinamupweteka ndi pakamwa. Anauza chibwenzi chake Beauty wa ku Maganga kuti ali ndi galimoto, Beauty n'kuuza makolo, makolo n'kuuza mudzi wonse. Tsono Loweruka ankayembekezeka kukaonekera kuchikazi ali pa chiwongolero, munthu woti ngakhale njinga ankachita kubwereka.

Lachinayi anaitanira anzake awiri pa shabini ina ku Senga Bay n'kuwagulira masese.

"Magaye, dilu ilipo," anatero. Anzake ankamutcha Injiniya chifukwa anakhalapo kondakitala miyezi inayi pa minibasi yolira mochita kukankha. "Pikapu ya usipa ija yaima padoko masiku atatu. Mwini wake akuti kiyi anagwera m'nyanja."

Temwani, wotsuka magalimoto, anatulutsa chibenthu cha sopo m'thumba. "Ya bwana Ahmad ija? Kiyi wake ndinamudinda apa kalekale, tsiku lomwe ndinkaitsuka."

"Shasha!" anakuwa Samueli, yemwe ankatchedwa Chigayo chifukwa cha kadyedwe. Ameneyu pagulupo anabweretsa mphamvu. Za nzeru tisanene.

Injiniya anayala mapulani ngati mkulu wa asilikali. Mawa m'mawa kudulitsa kiyi kumsika wa Salima. Masana, amuna akalowa mumzikiti, kutenga pikapuyo. Loweruka kukaionetsa ku Maganga, Lamulungu kuigulitsa. Anawombana m'manja, wina n'kutaya mowa.

Kunena zoona, zinayamba bwino. Kiyi wakumsika anatsegula chitseko, chiwongolero chinamasuka, timagetsi tinayaka. Injiniya anapotoza. Injini inati tche-tche-tche, kenako zii. Kagetsi kofiira kooneka ngati kiyi kankangophethira.

"Kameneko kakuti chiyani?" anafunsa Temwani.

"N'kokongoletsa. Vuto ndi batire. Kankhani, aise!"

Anakankha. Kwathu kuno galimoto yokankha sisowa manja. Akabaza anaimika njinga, ogulitsa mango anatula madengu, onse n'kuthandiza mbava ndi mtima umodzi. Injiniya ankaponya giya yachiwiri, pikapu n'kudumpha, n'kukhalanso chete. Anatero kakhumi, kenako anasiya kuwerenga. Pofika malire a Maganga dzuwa linali litapendeka, Chigayo akupuma ngati galu, Temwani atakwera kumbuyo n'kudzifunditsa chisaka cha usipa, tulo tofa nato.

"Achimwene, mungoivutitsa," anatero wakabaza wina atasuzumira mkati. "Zamasiku anozi kiyi wake amafuna kompyuta. Pitani nayo kwa makaniko, mayi Rosemary, paboma."

Apo n'kuti pakudutsa mdala wina, a Christopher, ndi ng'ombe ziwiri zapagoli. Injiniya anawapempha kuti amukoke, ndipo pofuna kuwafewetsa mtima anawonjezera kuti iye si mlendo, mawa lomweli akudzaonekera kwa a Beauty.

Mdalayo anagwira pakamwa. "Beauty wathu yemweyu? Ine ndine malume ake! Ndiye mkamwini wagalimoto uja ndinu?"

Anamanga chingwe yekha, malipiro n'kukana. Njira yonse ankaimitsa anthu. "Onani mpongozi wanga! Yangodwala pang'ono, koma ndi yakeyake!" Injiniya anatulutsa chigongono pawindo n'kumakweza dzanja ngati phungu. Mtima wake unadzaza, moti kwa kanthawi anaiwala kuti pikapuyo njakuba.

Anafika kwa mayi Rosemary cha m'ma faifi. Pabenchi panali patakhala bambo wina wa mkanjo woyera, akumwa tiyi. Ataona ng'ombe zikulowa mumpanda ndi pikapu kumbuyo, anatsitsa kapu pang'onopang'ono.

"Mayi, kiyi wanga wayamba matama," anatero Injiniya potsika.

Mayi Rosemary anamutembenuza kiyiyo kawiri. "Ichi ndi chitsulo chabe. Kiyi weniweni m'mutu mwake mumakhala kachipangizo kamene galimoto imakadziwa. Popanda kameneko siipereka mafuta, olo muikankhe mpaka ku Lilongwe. Ndiyenera kuilumikiza ku kompyuta, ndiiphunzitse kiyi watsopano. Bulubuku ili kuti?"

"Ili kunyumba."

"Galimoto yabwino," analowererapo bambo wamkanjo uja. "Mwakhala nayo nthawi yaitali?"

"Zaka zitatu, madala. Ndinakaitenga ndekha ku Dar."

"Mashallah. Sivuta?"

"Ikandiona imalira yokha."

A Christopher ankangogwedeza mutu monyadira. Koma phokosolo linadzutsa Temwani. Anavundukula chisaka, mamba a usipa ali mbuu kumaso, n'kuona munthu amene ankamudziwa bwino. Chizolowezi chinathamanga kuposa nzeru.

"Bwana Ahmad! Muli pano? Nditsuke?"

Mayi Rosemary anapita kukatseka geti, kiyi wa getiyo n'kuika m'thumba la ovolosi. Chigayo anayang'ana mpanda, n'kuyang'ana miyendo yake yotopa, n'kungokhala pansi.

"Kuyambira m'mawa ndili paboma pano," anatero a Ahmad mofatsa. "Mayiwa anati popeza kiyi anatayika, galimoto ibwere kuno. Ndasakasaka galimoto ina yokaikoka osaipeza. Alhamdulillah, anyamata inu mwagwira ntchito."

Mayi Rosemary anaimbira apolisi, n'kulumikiza kompyuta yawo. Apolisi asanafike, kagetsi kaja kanazima, pikapu n'kulira kamodzi n'kamodzi, mwaulemu kwambiri.

Injiniya sanaope apolisi kwenikweni. Chimene chinamuwawa ndi kuona a Christopher akumasula chingwe chawo mwakachetechete, akuchikulunga bwinobwino pamkono, osamuyang'ana n'komwe.

"Malume," anayesa Injiniya ndi mawu aang'ono, "Beauty musamuuze zonse."

"Ndimuuze ine? Mudzi wonse wakuonani mukukweza dzanja." Anakusa ng'ombe zawo kulunjika kugeti, kenako n'kutembenuka. "Mawa musavutike kubwera, bambo. Nkhuku tinagula kale, tidya tokha."