Vodika Wothetheka wa Malume Binisoni

"Amene akuti ndikunama aimirire pompano, anditchule dzina, tione ngati miyendo yake imulola." Umu ndi momwe malume anga a Binisoni ankayambira nkhani ya chakumwa chomwe anakonza tsiku limene akuchimuna anabwera kudzandifunsira. Ankaikamba m'chigafa kwathu ku Mlonyeni tikusankha fodya, amuna anga ali pomwepo, akazi a malumewo aNabanda akumanga fodya chakumbali. Ine Esinati mowa sindimwa, ndipo malumewo ndimawakumbukira m'mapemphero mpaka lero. Mawu awo ndawalemba monga ndinawamvera, osachotsa, osawonjezera. Choona chake akudziwa ndi Ambuye. Ankati:

Chinali chaka chija matipate atangoyamba, aliyense akuyankhula ngati wailesi, pamene tinamva kuti nkhoswe ya mnyamata, a Tembo a ku Chipata, ikubwera Loweruka, koma ikubwera mokakamizika, chifukwa mkuluyo anali atamupezera kale mphwake mkazi wina kwawoko, namwino, ndipo ankauza anthu pa boda kuti akungodzaona pakhomo kuti apeze chokanira, ati ku Mlonyeni mlendo timamulandira ndi kachasu wa m'chitini cha mafuta. Mukumva? Pakhomo pa ine Binisoni. Esinati uyu analira mpaka maso ngati tomato. Ndinati, "Mwana wa mlongo wanga, pukuta misozi. Munthu ameneyo sachoka pano asanavomere."

Ndinakwera njinga kupita pa boda kwa mnzanga wina woyendetsa thiraki, amene tsiku lina ndinamutulutsira galimoto yake m'matope ndi dzanja limodzi, linalo ndikudyera chimanga chootcha, ndipo anandipatsa botolo la vodika, mowa woyera ngati madzi a pamjigo, wochokera kudziko lozizira kumene munthu akalavula malovu amafika pansi ali mwala. Mowa umenewo simumwa wokhawokha ngati mbuli, mumachita kuukonza. Ndiye ndinagula mabotolo a soda, aja othetheka, jinja, sinamoni, ndi chinanazi chimodzi chokha, pakuti ngakhale chimodzicho panjinga sichinakwane, ndinachita kuchigubuduza mumsewu, anyamata osintha ndalama akuthawira m'ngalande poyesa kuti ikubwera ndi thanki ya mafuta yopanda dalaivala.

Loweruka m'mawa ndinatsuka mtsuko wa aNabanda uja wa madzi akumwa, n'kufinya mango a maboloma, magalagadeya ndi mandimu, chinanazi chija n'kuchisinja, n'kusefa zonse pansalu yoyera. Koma jinja uja anali waukali, abale anga, moti nditangomugunda kamodzi mtondo unayetsemula, musi n'kuuluka, ndipo tinakautola ku Dambe utazika mizu, utaphuka masamba, anthu akupuma pamthunzi wake. Jinjayo ndinamuwiritsa ndi sinamoni ndi uchi, n'kuponyamo tsabola wa kambuzi mmodzi, mmodzi yekha, fungo lake n'kuchiza chimfine mudzi wonse, ngakhale ng'ombe za a Jere oyandikana nafe zinasiya kutsokomola.

Tsono chakumwa chotere chimafuna ayezi, ndipo kuno magetsi tinkangowaonera pa mphezi. Ndili mkati moganiza kumwamba kunada bii, matalala aja amaboola fodya n'kuyamba kugwa, amayi akulira m'minda, ine n'kutola lichero, n'kuthamanga mzere ndi mzere, kuwakha matalala onse asanakhudze tsamba ndi limodzi lomwe, munda wanga, munda wa a Jere, munda wa mpingo, mpaka mtambo unatopa n'kubwerera ku Zambia uli ndi manyazi. Akamwini, mukumva? Fodya wa chaka chimenecho anapulumukira ukwati wanu.

A Tembo anafika dzuwa lili paliwombo, atavala suti ndi chipewa, nsapato zonyezimira, ndipo mpando anayamba aupukuta ndi kansalu asanakhalepo. Ndinaika mtsuko pakati pa bwalo, n'kuthiramo madzi a zipatso, n'kuthiramo za jinja zija zitazizira, matalala, vodika yense, soda n'kubwera pomalizira, chifukwa mukayamba ndi soda mphamvu yake imathawa. Mtsuko unayamba kulira ngati thiraki pachikweza, thovu n'kukwera, kupitirira denga, kupitirira mtengo wa mango, mphepo n'kulitenga kulowera ku Mwami, kumene a kasitomu analiimitsa kuti lionetse mapepala, koma atangolinunkhiza analichitira sawatcha n'kulitsegulira geti, ndipo ndikumva kuti tsiku limenelo nkhuku za ku Chipata zinaikira mazira onunkhira chinanazi.

Mkulu uja anameza malovu, n'kutambasula dzanja. Ndinati, "Pepani a Tembo, kuno kuli mwambo. Mlendo samwa mwini wake asanalawe, kuchotsa chiphe." Anati, "Lawani msanga, mwandi."

Ndinatunga chikho chimodzi n'kumwa. Kutsekemera kunayamba, kuwawasa n'kutsatira, jinja n'kubwera pambuyo akukankha anzake, koma thovu lija litafika m'mimba ndinangoona mapazi anga akutsanzikana ndi nthaka, ndipo nditakumbatira mtsuko kuti undilemeretse, mtsuko nawo unanyamuka nane limodzi, mpaka tinakaima m'malere kufanana ndi nsonga ya mango, ndikuona boma la Mchinji uku, mzere wa mathiraki uko, akhwangwala akundipatsa moni podutsa. Mukumva? Fungo linkagwa pansi ngati mvula yowaza, a Tembo ali chagada, kukamwa yasa, chipewa chitagwa.

Anati, "Tsikani, bambo, tilaweko." Ndinati, "Nditsika nkhani ya ana ikatha." Anati, "Komatu mnyamatayo tinamupezera kale namwino." Ine chikho china, n'kukweranso. Anati, "Ku Mlonyeni n'kutali ndi tauni." Ine chikho china, tsopano mawu awo ndikuwamvera patali ngati a udzudzu. Anati za mpingo, anati za sukulu, anati izi, anati izo, ine ndikungokwera, mpaka khosi lawo linauma, ludzu litawagwira, ndipo munthu wa suti uja anagwada pafumbi, n'kuomba m'manja, n'kufuula kuti, "Tavomera! Mwana wanu tamukonda, tsikani nawo mtsukowo."

Ndinageya kamodzi, zovala zonse zoyanika m'mudzi n'kuuma nthawi yomweyo, ine n'kutsika pang'onopang'ono ngati nthenga ya nkhanga, n'kudzakhala bwinobwino pampando wanga, mwendo pamwamba pa unzake. Ukwati ndi umenewu mukuuonawu, ana ndi awa akutisokoserawa. Alipo wina ali ndi mawu?

Nkhani ikafika apa, amuna anga, omwe ndi munthu wofatsa, ankafunsa ngati sakudziwa: "Nanga a Tembo anati chikukoma bwanji, malume?"

ANabanda ankayankha osadzutsa mutu. "Afunseni bwino, akamwini. Alendo anamwa thobwa langa. Awa anagwa pampando n'kugona pansi pa mango atakumbatira mtsuko, akuyimba nyimbo ya Khirisimasi. A Tembo anawayang'ana, n'kuyang'ana Esinati, n'kunena kuti mtsikana amene wakula ndi munthu uyu osathawa, palibe banja lingamukanike."

Malume ankaika fodya pansi, n'kutiyang'ana tonse mwachisoni.

"Mayi awa mwambo saudziwa. Chiphe n'cholemera, ana inu, sichiyandama, chimakhala pansi. Ndikanalawa pamwamba pokha, mlendo n'kutifera pakhomo, bwenzi mukuti chiyani? Ine ndinafufuza chikho ndi chikho mpaka ndinaona dongo la pansi pa mtsuko, ndipo ndikulumbira pamaso pa nonsenu: munalibe chiphe ngakhale dontho."