Kiyi wa Seva Ndasunga Ndekha

Lolemba

Abwana atiitana mu ofesi mwawo ife a makompyuta, ine ndi Mhango. Nkhani ziwiri.

Yoyamba: vairasi ya sabata yatha inalowera pa seva. Ndiye poti ntchito ya seva ndi kutumiza mapulogalamu ku makompyuta onse a kampani, inagawa matendawo mosakondera, mpaka kudepoti yathu ya feteleza ku Mchinji. Akufuna chitetezo.

Yachiwiri: Lamulungu mmodzi wa ife akukwera ndege, maphunziro a milungu iwiri ku Joni. Dzina atchula Lachisanu.

Ku Joni! Pasipoti yanga yagona m'sutikesi mpaka yayamba kununkha mankhwala a mphemvu. Chidindo ndi chimodzi chomwe mulibe.

Mhango wabwera chaka chathachi. Tayi tsiku lililonse, kutentha konseku. Foni ya kamera. Amayamba kuseka abwana asanamalize nthabwala. Sindimuda, ayi. Kungoti akamadutsa mtima umandiwawa.

Za chitetezo ndadzipereka ndekha iye asanatsegule pakamwa. Pulani:

1. Loko watsopano pachitseko cha seva. Kiyi mmodzi, m'thumba mwanga.
2. Pasiwedi yaikulu isinthe. Yapanoyi akuidziwa aliyense, ngakhale alonda a pageti.
3. Aliyense akhale ndi akaunti yake, mphamvu zochepa.
4. Mhango, mphamvu zochepetsetsa.

Abwana aone okha kuti mwini seva ndani.

Lachiwiri

Chipinda cha seva ndi chokhacho chozizira pakampani pano, ndiye anthu anachisandutsa filiji. Ndatulutsamo:

mabotolo a thobwa
majalini a asekilitale
mwendo wa mbuzi wa Mayi Banda a ku malipiro
mpando ndi pilo (wina amagonamo masana, ndimupeza)

Mayi Banda: "Mwananga, nyamayo ikawola udya ndiwe."

Masana ndadula mphamvu za Mhango. Sangaikenso pulogalamu, sangatsegulire munthu akaunti, m'chipindamo sangapondemo n'komwe. Ndakhala pakona, nyuzi m'manja, kudikira kuti aphulike. Wabwera, wayesa, zakana. Wayesanso. Watembenuka n'kundigwira chanza.

"Mwagwira ntchito, akulu."

Ngakhale kukwiya satha munthu ameneyu! Tsiku langa lonse waliwononga.

Lachitatu

Foni yayamba kulira ndisanakwere n'komwe minibasi pa Kawale. Onse kungoflasha, kuti ndiimbe ndine ndi mayunitsi anga.

A Kamanga a ku sitolo aiwala pasiwedi yawo yatsopano pakati pa desiki langa ndi lawo. Mayi Banda akufuna ndiwaikire dzina la mdzukulu wawo, limene kampani yonse ikulidziwa chifukwa salitula pakamwa. Ndakana. Akuti ndinaleredwa mopanda mwambo. Asekilitale akufuna kamasewera ka makhadi kabwerere, akuti popanda iko mutu sukugwira.

Aliyense wopita kwa Mhango akubwezedwa ndi mawu okoma: "Pepani, ine mphamvu ndilibe. Onanani ndi akulu."

Akuluwo ndi ine, ndikuthamanga chipinda ndi chipinda, malaya kumata kumsana. Iye ali pamthunzi, akudya tchipisi. Kenako ndamuona mu ofesi mwa abwana, akuwaphunzitsa kuika chithunzi pa imelo. Akuseka awiriwiri! Akusekanji? Pa imelo pali choseketsa chanji?

Nkhomaliro: nthochi, ndadya chiimire.

Komabe zikuyenda. Lero dzina langa lamveka paliponse, ngakhale ena amalitchula mokukuta mano.

Lachinayi

Maliro a amayi ake a dalaivala wathu, ku Area 23. Kampani yonse ikupita, monga timachitira. Ndakwera kale lole, ndapeza ndi malo abwino otsamira, magetsi thi! Seva yazima. Ku Mchinji akuimba, alimi ali pamzere, kompyuta sikugulitsa. Woidzutsa ndani? Kiyi ali ndi ndani?

Ndatsika lole yonse ikundiyang'ana.

Mhango wakwera galimoto ya abwana. Kutsogolo!

Madzulo ndikumva kuti woyankhula m'malo mwa kampani popereka chipepeso anali iyeyo, ndi vesi pamwamba. Amayi a kwaya mpaka kufunsana ngati ali pabanja. Abwana akuti anangoti kugwedeza mutu movomereza ulaliki wonse. Ulaliki wa Mhango, osati wa abusa.

Za ine mawu amene abwera kuchokera kumanda ndi awa: "Uja wa kiyi uja sayenda maliro." Ine! Amene ndanyamula mabokosi a theka la Kawale!

Kunyumba ndapeza mayi a Dalitso akusita jekete yanga ya ukwati. Awauza kale anzawo pampopi kuti ndikupita kunja, ndipo wina waitanitsa diresi. Sindinawaletse. Nanga mawa si tsiku langa?

Lachisanu

Msonkhano wa onse. Ndavala tayi, koyamba chilowereni ntchito. Yandikanyanga pakhosi.

Abwana aima, andiloza. "Sabata ino bambo awa ationetsa kuti popanda iwo kampani ino singayende ngakhale tsiku limodzi."

Mano anga onse panja. Ndayang'ana Mhango kuti amve bwino.

"Ndiye milungu iwiri tingatani? Iwowa akhale, atisungire seva. A Mhango, poti pakadali pano alibe chogwira, apite ku Joni."

Anthu m'manja phuphuphu. Inenso ndawomba. Ndawomba! Ndi manja anga omwewa amene anagula loko!

Mayi a Dalitso amva nkhani yonse osaphethira. Akuti mawa pampopi ndikatunge ndine, ndikawafotokozere ndekha anzawowo.

Loweruka

Minibasi ziwiri, Kawale mpaka m'tauni, m'tauni mpaka Area 25. Kiyi m'thumba. Pulani yatsopano: Mhango alandire theka la mphamvu lero lomwe, ndiimbire abwana kuti tonse tsopano tili ndi chogwira, aganizenso bwino.

Ndamupeza pakhonde akupukuta nsapato. Zakuda, zosongoka, zowala moti ndadziona nkhope. Ndikumuuza kuti ndalingalira, seva ndi yabwino kuigwira awiri, nayu kiyi, pasiwedi ndimunong'oneza pompano.

Wabisa manja kumbuyo.

"Ayi akulu, munanena zoona. Chinthu chimenechi chimafuna munthu mmodzi wokhulupirika."

Choipitsitsa n'chakuti sakundinyoza. Akunenadi zoona zake! Wandipatsa tiyi wa mkaka ndi buledi, wandiperekeza mpaka pasiteji, wauza kondakitala kuti andikhazike kutsogolo. Ndadya buledi yense. Anali wokoma, ndipo zimenezi zandipsetsanso mtima.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Magetsi anazimanso m'mawa, alonda aflasha, ndabwera. Kanengo yense zii. Seva yadzuka, timagetsi take tikuphethira. Palibe vairasi, palibe wolowa, palibe wotuluka. Chitetezo chenicheni. Ndakhala ndekha mozizira muno, mphuno ikuchucha.

Masana ndege yadutsa pamwamba pa madenga. Sindinatuluke kukaiona, si ine mwana. Ndangosuzumira pang'ono pawindo la kuchimbudzi, nditakwera pa chidebe.

Uthenga wa Mhango unalowa asananyamuke: "Akulu, ndikubweretsereni chiyani?"

Ndalemba mayankho angapo. Ndafufuta onse, sanali a Lamulungu.

Ndatumiza: "Nsapato, saizi eyiti. Zonga zanuzo."