Kanema wa Kwaya ndi Mabatire a Ada Longwe

Lolemba

Zatheka! Kanema wa kwaya yathu, amene tinakajambula pamchenga ku Kande, watuluka. Ali pa fulashi, fulashiyo ili m'thumba mwangamu. Loweruka 4 koloko kwaya yonse ikubwera kudzaonera kunyumba kuno. Ndadzipereka ndekha, palibe wandikakamiza.

Chifukwa chake n'chakuti chaka chino n'chachiwiri ndikuphunzitsa pa Chintheche, koma palibe munthu wa kuno amene anakhalapo pampando m'nyumba mwanga. Moni amapereka bwino, "yewu aphunzitsi," n'kumapitirira. Ndikadali "Mchewa wa ku Dedza woimba besi uja." Zimandiwawa, ndisaname. Loweruka zimenezi zithe.

Zida zilipo: TV yaikulu, masipika asanu, ndi wufa yoti ikagunda mbale zimavina m'kabati. Vuto ndi magetsi. Amathima ngati amamva nawo mapulani a munthu.

Zoti ndisankhepo:
jenereta
sola
batire ndi inveta

Mayi a kunyumba akuti, "Chilichonse mungasankhe, filiji yanga ikhalepo."

Lachiwiri

Jenereta. Ndabwereka kwa mnzanga wowotcherera pamsika. Mphamvu ndiye osanena! TV, filiji, fani, zonse zikuyenda nthawi imodzi.

Koma phokoso! Pa TV anthu akuyasamula pakamwa, m'makutu mukungomveka bububu. Ndikukweza voliyumu, jenereta ikupambanabe. Ndikuikokera kuseri kwa khitchini, waya wafupika. Ndikuilozetsa kumpanda, utsi wonse ukupita pa chinangwa chimene aneba ayanika.

Aneba akewo ndi Ama Nyamanda, wapampando wa kwaya (kuno mayi amati ama, bambo amati ada). Asuzumira pampanda: "Ada, kondowole wa petulo mudya ndinu?"

Jenereta yabwerera kwawo pa wilibala.

Lachitatu

Sola. Wogulitsa akumenya pachifuwa: "Iyi bwana imakoka chilichonse, bola dzuwa." Panelo yake kukula kwake ngati thireyi ya tiyi. Wandilola kukaiyesa kaye.

Zotsatira:
foni ikutchaja
babu limodzi layaka, monyinyirika
TV yatsegula kadiso kofiira n'kugonanso
wufa ngakhale kutsokomola, ayi

Panelo yaikulu akuti ichokere ku Mzuzu, masabata awiri. Ine ndili ndi masiku atatu. Mtima wayamba kugunda kuposa wufa.

Lachinayi

Mulungu sagona! Ada Longwe, tenala wathu, ndi siginala, munthu amene amayatsa nyali pabwato kuitanira usipa ku ukonde. Ali ndi mabatire awiri akuluakulu oyatsira nyalizo, angokhala pakhonde. Ndawapempha mwamanyazi, iwo osavuta.

"Tengani ada. Mwezi ukuwala, usipa sukubwera ku nyali. Mweziwo ukayamba kuchedwa kutuluka ndidzawatenga."

Ndangovomera ndi mutu. Mwezi kuchedwa, imeneyo ndi nkhani ya kutsogolo. Kwathu ku Dedza ndani amafunsa mwezi nthawi yotulukira?

Inveta ndabwereka kwa mphunzitsi mnzanga wa sayansi. Kulumikiza, kuyatsa... zii! Phokoso palibe, utsi palibe, nyimbo yokhayokha. Besi yanga ikumveka ngati ya munthu wodya bwino. Mu kanemamo, pamene ndikuoneka nditavala tayi, madzi ali m'mawondo, ndabwezapo kasanu ndi kawiri.

Mabatire akununkha usipa. Amphaka atatu osadziwika akhala pazenera.

Lachisanu

Ndayamba kudzimva. Alendo afunika fani. Afunikanso tiyi, ndiye ketulo. Mayi a kunyumba alumikiza filiji osandiuza, kenaka ayironi, ati yunifolomu ya kwaya isaoneke ngati yatuluka m'kamwa mwa ng'ombe.

Inveta: tiiiii! Zonse thii. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mwayi wake yapsa ndi fyuzi yokha, wa sayansi wasintha akupukusa mutu. Msonkhano wabanja wagamula motere: mawa magetsi akathima, mabatire ndi a TV ndi masipika basi. Mayi a kunyumba akuti, "Chabwino, koma thobwa alendo anuwo amwa lofunda." Ndavomera. Mabatire onse ndatchaja, adzaza.

Loweruka

M'mawa: kusesa, kukolopa, mabenchi anayi ochokera kusukulu.

2 koloko: magetsi athima. Ndikuseka mokweza. Thimani, ndinakonzeka!

3 koloko: odi pakhomo. Ada Longwe, ndi njinga ndi zingwe zomangira.

"Yewu ada. Lero mdima wabwerera, tikulowa m'madzi."

Ndikuchonderera, maola awiri okha. Akundiyang'ana mwachisoni. Nyali azimange kudakali kowala, bwato linyamuke dzuwa lisanalowe, ndipo mabanja khumi akudikira usipa umenewo. Ndawathandiza kumanga mabatire pa keliyala ndi manja angawa.

Mayi a kunyumba: "Inu simunaone kuti dzulo mwezi sunatuluke mpaka tinakagona?" Aliyense pa Chintheche amadziwa, kupatula mphunzitsi. Safunsa anadya phula.

Chinanso, amuna onse a kwaya ndi asodzi. Onse apita kunyanja.

4 koloko: amayi afika, yunifolomu zositasita, ena ndi ana kumbuyo. Adzaza mabenchi, ayang'ana TV yakuda bii. Ine ndaima ndi rimoti m'manja, thukuta kamukamu. Ndikufotokoza za inveta, za mawaya. Palibe wandifunsa. Manyazi ake ndikulakalaka pansi patang'ambika.

Malo atha, Ama Nyamanda akhala pa wufa. Aigogoda ndi chala, amva kuti ikulira bwino, ayambitsa nyimbo yoyamba ya mu kanema. Ena alandira. Aimirira, akuvina monga tinavinira ku Kande, wina akuonetsa mmene ndinkathawira funde nditagwira tayi. Kuseka mpaka misozi. "Ada, besi!" Besi ndine ndekha. Ndaimba nyimbo zonse zisanu ndi imodzi, rimoti ili m'manja.

Thobwa lofunda latha lonse.

Lamulungu

Magetsi ayaka kuyambira m'mawa, osaphethira n'komwe. Anthu onse ali kutchalitchi.

Jenereta ayi, sola ayi, batire mpaka mwezi udzawalenso. Kanema sanaonedwe. Mawu anga asasa.

Nthawi ya zolengeza, Ama Nyamanda aimirira: kuyambira sabata ino kwaya izikonzekera kwa aphunzitsi Loweruka lililonse, "chifukwa nyumba yawo ndi yabata, mulibe zosokoneza." Mpingo wonse m'manja. Potuluka andigwira dzanja anthu ambiri kuposa chaka chonse chathachi, ndipo ndakondwa, ndisabise.

Ndimafuna alowe m'nyumba mwanga kamodzi. Tsopano azilowa sabata iliyonse. Angondipempha chinthu chimodzi: TV ija ndiisunthire kuchipinda, ikutha malo a alto.