Mimba ya a Kapitawo pa Katoni

Mpaka lero ndikakumana ndi a Namakhwa, kapitawo wa othyola tiyi pa esiteti yathu, ndimayang'ana pansi ngati ndataya singano.

Ndimaphunzitsa kusukulu ya mkombaphala ya pa esitetiyi, chakuno kwa Makwasa. Sabata ina tinkaphunzira maonekedwe a zinthu: seko (chozungulira), sikweya ndi thirayango. Ndinadula makatoni, nkuphika phala la chinangwa lomatira, kuti tipange munthu. Ndinayamba ndine: seko yaikulu ya mimba, seko yaing'ono ya mutu, marekitango awiri aafupi a miyendo, mathirayango awiri a makutu. Pansi pa mphuno ndinamatapo masamba a tiyi ouma ngati ndevu (palibe anandituma, linali dyera langa lofuna kukongoletsa).

Chifundo, kamtsikana ka zaka zinayi, anangoti, "Amenewo ndi agogo anga."

Agogo akewo ndi a Namakhwa, amenenso ndi apampando a komiti ya sukulu yathu. Mphunzitsi wanzeru akanakana. Ine ndinaseka mpaka misozi, nkunena kuti, "Eya, ndi omwewo." Basi mwana aliyense anapanga a Kapitawo akeake, ndipo ndinawapachika onse pakhoma kuti aume.

Mmawa mwake a Namakhwa anatulukira kudzaona denga lomwe linkadontha. Ndisanaganize zobisa kalikonse, ana anali atawagwira kale dzanja.

"A Kapitawo, taonani, uyu ndi inu. Uyunso ndi inu."

"Ine?"

"Eee. Mimba yanu ndi seko. Aphunzitsi anena."

Iwo anayenda pang'onopang'ono kutsata khoma lonse, manja kumbuyo, monga amachitira poyendera mizere ya tiyi. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza komwe ndingakapemphe ntchito ina.

"Chachikuluchi wapanga ndani?"

Zala zonse zinaloza ine (ana sadziwa kubisa mnzawo).

Anachiyang'anitsitsa, kenaka anati, "Mayi, za mimbazi sindikana, ngakhale kunyumba amanena. Koma makutu osongokawa mwawatenga kuti?"

Ndinayankha kuti zodulidwa zina zinali zitatha, kunangotsala mathirayango. Anagwedeza mutu, natenga cha Chifundo, nkuchilowetsa bwinobwino m'thumba la jekete. Za denga anaiwala.

Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti tizingopanga nyumba ndi mabasi. Koma dzulo lomweli tinapanga ng'ombe ya sikweya, Chifundo nkuiyang'ana nthawi yaitali, kenaka nkucheukira kwa ine. Ndinamuletsa asanatsegule pakamwa.